Chilengezo: Maphunziro a abambo pa za banja ndi kulera ana

Abambo a mumpingo,

Loweruka likubwerali tili ndi maphunziro m'holo ya tchalitchi, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Mutu wake ndi udindo wa mwamuna m'banja.

M'mawa tidzasanthula Aefeso 5:22-33 ndi 1 Petro 3:7. Ambirife tinaloweza vesi 22 yonena za kugonjera kwa akazi, koma vesi 25, yotilamula kukonda akazi athu monga Khristu anakondera mpingo, timailumpha. Kenako pa 1 Timoteo 5:8 aliyense adzalemba bajeti ya mwezi: lendi, ufa, fizi, feteleza, chakhumi ndi ngongole, katapila yemwe osabisa. Milandu yambiri yofika kwa ankhoswe imayambira pa ndalama zomwe mayi sakuzidziwa.

Masana ndi za ana, pa Deuteronomo 6:6-7 ndi Aefeso 6:4: kulanga mwana osamupsetsa mtima, malamulo a foni pakhomo, komanso malire a bambo ndi malume kwa amene muli pachikamwini. Tidzakumbutsananso kuti lamulo la dziko lino sililola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Bweretsani Baibulo, kope, cholembera, mbale ndi kapu. Aliyense apereke K3,000 ya nkhomaliro kwa msungichuma. Anyamata amene ali pachitomero abwere nawo, iwo sapereka kanthu.

Yankhani pagulu pano pofika Lachitatu madzulo, polemba dzina lanu ndi mawu oti "ndibwera", kuti ophika adziwe kuchuluka kwa ufa ndi ndiwo.

Mlembi