Chilengezo kwa Mamembala: Kalembera wa Osowa Ntchito

Mamembala nonse, komiti ikukudziwitsani kuti tikuyamba kulemba mayina a anzathu olumala omwe sali pa ntchito m'zigawo zonse zitatu: Kumpoto, Pakati ndi Kummwera.

Kalembera wa dziko lino wa 2018 adapeza kuti pa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali. Koma tikamakumana ndi akuluakulu a boma, amatifunsa kuti mwa ife angati ali ndi luso koma akungokhala, ndipo ali kuti. Tikufuna tipite ndi yankho lathulathu. Mavuto a mnzathu wa ku Chitipa, komwe ntchito zolembedwa n'zochepa, safanana ndi a wa ku Blantyre, komwe makampani alipo koma maofesi ambiri ali m'mwamba mopanda njira ya njinga ya olumala.

Aliyense auze mlembi wa nthambi yake boma lomwe akukhala, maphunziro ake, ndi luso lomwe ali nalo, kaya adaphunzira kusukulu ya ntchito zamanja ya ku Magomero, kudzera ku bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA kapena kwa mmisiri wa m'mudzi. Ochita maganyu nawonso alembetse, chifukwa ganyu si ntchito yokhazikika.

Lipoti la kalemberayu tidzalipereka ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu olumala m'Malawi. Polembetsa, osamva adzathandizidwa ndi womasulira chinenero chamanja Loweruka likudzali.