Lipoti la nthumwi zathu pa msonkhano wa kaphunzitsidwe ka kumvetsa nkhani za Chingerezi kwa ophunzira olankhula Chitchaina

Apampando, akuluakulu a komiti ndi aphunzitsi anzathu nonse,

Munatituma ku msonkhano wa aphunzitsi a Chingerezi amene ophunzira awo amalankhula Chitchaina, ndipo munatisenzetsa funso limodzi: zimatheka bwanji kuti munthu woloweza mawu zikwizikwi nthawi imuthere asanamalize nkhani ya tsamba limodzi? Yankho limene tabwera nalo ndi lakuti ambiri mwa ophunzirawa Chingerezi sachiwerenga, amachimasulira. Liwu lililonse amayamba alitembenuzira m'Chitchaina m'mutu, kenako n'kuyesa kulumikiza zidutswazo. Mphunzitsi akamawapatsa mapepala a mayeso akale okhaokha amangokhwimitsa chizolowezi chimenechi.

Tiyambe ndi mayeso, popeza ndiwo amawabweretsa kwa ife. Kuchokera mu July 2021, pamene boma la China linakhwimitsa malamulo a maphunziro apadera olipira a ana a sukulu ndi kuletsa kulemba ntchito aphunzitsi okhala kunja kuti aziphunzitsa anawo pa intaneti, ophunzira amene ambirife tili nawo ndi akuluakulu, a ku yunivesite, ndi ena a ku Taiwan ndi Hong Kong. Ambiri a ku China anadutsa kapena akukonzekera gaokao, mayeso olowera ku yunivesite olembedwa mu June, m'mene Chingerezi chili ndi malikisi 150. Pa pepala limene zigawo zambiri zimalemba muli nkhani zinayi za mafunso 15 osankha yankho, ndi nkhani ina imene achotsamo ziganizo zisanu kuti wophunzira azibwezeretse posankha pa zisanu ndi ziwiri. Ku yunivesite kuli CET-4, mayeso a Chingerezi a malikisi 710, amene gawo lowerenga limatenga 35 peresenti ndi mphindi 40. Ofuna kukaphunzira kunja amalemba mayeso a Chingerezi a IELTS, amene gawo lake lowerenga lili motere: nkhani zitatu, mafunso 40, mphindi 60, mawu pakati pa 2,150 ndi 2,750.

Tawerengetsani nokha. Wowerenga mawu 100 pa mphindi akakumana ndi mawu 2,750, mphindi 27 ndi theka zimathera kungodutsamo kamodzi, ndipo funso lililonse limatsala ndi masekondi osakwana 50. Wa mawu 200 pa mphindi amamaliza m'mphindi 14 n'kutsala ndi 46 za mafunso. Anthu awiriwa akhoza kukhala kuti amadziwa mawu ofanana ndendende. Choncho musanayambe kuphunzitsa munthu watsopano, mupatseni nkhani yosavuta ya mawu 400, mutchere wotchi, kenako mumufunse mafunso 10 nkhaniyo itavundikiridwa. Manambala awiri amenewa, liwiro ndi mafunso okhoza, ndiwo akuuzeni pamene pali nthenda.

Pamene msonkhano unakhalitsa, ndipo ifenso tikhalitsapo, ndi pa kamangidwe ka chiganizo. M'Chitchaina chilichonse chofotokoza dzina chimabwera dzinalo lisanatchulidwe, ndipo kawirikawiri chimatsekedwa ndi kaliwu kakuti de. M'Chingerezi nthambi yofotokoza imatsatira dzina. Taonani chiganizo ichi: "The bridge built by the company the city hired collapsed." Wolankhula Chitchaina akanati ayalike mfundo yomweyi akanayamba ndi mzinda, kenako kulemba ntchito, kampani, kumanga, ndipo mlatho ukanafika chakumapeto, pafupi ndi kugwa kwake. Ndiye akaona "The bridge built" amatenga built ngati mneni wamkulu, akafika pa hired amasokonezeka, ndipo collapsed amasowa pomukoloweka. Amabwerera kuchiyambi kawiri kapena katatu, nthawi ikupita.

Ife olankhula Chichewa vutoli silitionekera msanga chifukwa chilankhulo chathu chimayenda mbali imodzi ndi Chingerezi: timati mlatho umene inamanga kampani imene mzinda unailemba ntchito unagwa. Dzina kutsogolo, zofotokoza pambuyo. N'chifukwa chake aphunzitsi ena pakati pathu amathamangira kuganiza kuti wophunzira sakudziwa liwu lakuti collapsed, n'kuyamba kulitanthauzira, chonsecho liwulo amalidziwa bwinobwino.

Mankhwala ake ndi awa. Wophunzira adule mzere kunsi kwa aneni onse m'chiganizo. Kenako atsekere m'mabokosi zonse zoyamba ndi who, which, that kapena whose, komanso mneni wothera ndi -ing kapena -ed (kapena wonga built) amene wamamatira pambuyo pa dzina, makamaka akatsatidwa ndi by. Mneni wotsala kunja kwa mabokosi ndiye wamkulu. Afufuze mwininkhani wake, awerenge mokweza fupa lokhalo, "The bridge collapsed", kenako abwezeretse mabokosi limodzilimodzi. Malo ovuta kwambiri ndi pamene that wasiyidwa, monga pa "the company the city hired". Chizindikiro chake n'chakuti mayina awiri agundana popanda mpatuliro kapena mlumikizi pakati. Muwaphunzitse kuchizindikira chimenechi mwapadera. Ziganizo zisanu pa phunziro limodzi, mphindi khumi, n'zokwanira. Mukapitirira apo phunziro lasanduka la galamala. Ndipo poona ngati wamva musamuuze kuti amasulire m'Chitchaina. Mufunseni m'Chingerezi chomwecho kuti chagwa n'chiyani, anamanga ndani, analemba ntchito ndani.

Chachiwiri ndi timichira ta mawu. Mneni wa Chitchaina sasintha maonekedwe. Nthawi imadziwika ndi mawu monga dzulo kapena mawa, ndi timawu tothandizira monga le ndi guo. Diso lozolowera zimenezi limagwira tsinde la liwu n'kulumpha -ed, -s, had ndi would have ngati zokongoletsera. Mupatseni "If the dam had held, the village would have survived", mumufunse ngati mudziwo unapulumuka. Ambiri ayankha kuti inde, chifukwa aona dam, held, village, survived. Chimodzimodzi a few ndi few, a little ndi little, hardly, ndiponso the, amene Chitchaina chilibe. Nkhani ikayamba ndi "a dolphin" kenako n'kuti "the animal", the ameneyo akunena kuti ndi chinyama chomwe chija, koma wophunzira amawerengera nyama ziwiri. Zochita zake n'zazifupi: ziganizo ziwiriziwiri zosiyana pa kamchira kamodzi kokha, iye anene kusiyana kwa tanthauzo. Pa alowam'malo, azungulize it, this, they, such ndi the former m'ndime imodzi, ajambule muvi wobwerera ku chimene akuimira. M'Chitchaina mlowam'malo amasiyidwa kawirikawiri nkhani ikadziwika, ndipo m'kalankhulidwe ka Mandarin, Chitchaina chofala kwambiri, he, she ndi it onse amamveka ta, kotero kulondola alowam'malo ndi luso loti aphunzire, sabwera nalo.

Alumikizi tingowadutsa mwachidule. Chitchaina chimakonda kuwayendetsa awiriawiri, "ngakhale" ndi "koma" m'chiganizo chimodzi, "chifukwa" ndi "choncho" chimodzimodzi. Wophunzira akaona although amadikira but amene sabwera, ndipo nkhani ikakhota ndi yet, while kapena still, iye amapitirira molunjika.

Panali mfundo ina imene sitinaiyembekeze pa msonkhano wa kuwerenga chamumtima: katchulidwe. Munthu amene anaphunzira kuwerenga ndi zilembo za Chitchaina amazolowera kugwira liwu ngati chithunzi chathunthu, ndipo ena amalowezanso mawu a Chingerezi m'njira yomweyo. Zotsatira zake though, through, thorough ndi thought amaoneka ngati amodzi, form ndi from, quite ndi quiet chimodzimodzi. A ku China amadziwa zilembo zathuzi kudzera mu pinyin, njira yolembera katchulidwe ka Chitchaina ndi zilembo za Chilatini imene inakhazikitsidwa mu 1958, koma m'menemo q, x ndi c zimamveka mosiyana kotheratu ndi za Chingerezi. A ku Taiwan ambiri anayamba ndi zhuyin, imene siigwiritsa zilembo za Chilatini n'komwe. Liwu limene munthu sangathe kulitchula limavuta kulisunga m'mutu mpaka chiganizo chithe. Choncho mphindi zisanu pa phunziro zipite ku kuwerenga akumvetsera nkhani yomweyo ikuwerengedwa, ndi kuduladula mawu aatali m'maphatikizo, kulekanitsa tsinde ndi zophatikizidwa kumayambiriro ndi kumapeto, monga un-predict-able. Apa tichenjezane: phatikizo la Mandarin limathera ndi lembo la liwu kapena n ndi ng, ndipo lathu la Chichewa limatheranso ndi lembo la liwu. Pa mawu ngati asked ndi texts, iwo amameza mathero kapena kuonjezera liwu, ifenso lilime limatikokera komweko. Gwiritsani ntchito mawu ojambulidwa kale ngati mukudzikayikira, chifukwa timichira timene timamezedwato ndi tomwe tija tonyamula tanthauzo.

Tsopano za kuchuluka kwa zowerenga. Kafukufuku wa Paul Nation ndi anzake anaonetsa kuti munthu amamvetsa bwino nkhani payekha akamadziwa pafupifupi 98 peresenti ya mawu ake, ndiye kuti liwu limodzi lachilendo pa mawu 50, kapena asanu ndi limodzi pa tsamba la mawu 300. Kuti afike pamenepo pa nyuzipepala ndi mabuku wamba amafunika mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000 (banja ndi liwu pamodzi ndi mawu ochokera ku tsinde lake), pamene silabasi ya sekondale ku China imafuna mawu pafupifupi 3,000. Mpata umenewu ndiwo umachititsa kuti womupatsa nkhani ya m'nyuzipepala yaikulu ya ku London kapena New York asakhale akumuphunzitsa kuwerenga, koma kutsegula dikishonale. Mabuku ofewetsedwa mwa masitepe ndiwo oyenera: a Oxford Bookworms, mwachitsanzo, amayambira pa mawu 250 n'kukwera mpaka 2,500. Wophunzira ayambe sitepe imodzi kunsi kwa pamene akudziyesa, aziwerenga mphindi 20 tsiku lililonse, wopanda mafunso pamapeto. Ku China mabuku amenewa amagulitsidwa kwambiri ali ndi Chitchaina pambali pa Chingerezi, ndipo diso limathawira kumene kuli kofewa. Auzeni aphimbe mbali ya Chitchainayo ndi pepala, aivundukule mutu ukatha. Zolembera zamakono zimene amangozitsetsereza pa liwu n'kupereka tanthauzo, monga za Youdao, zikhale m'chikwama mpaka tsamba lithe. Akatero asankhe mawu atatu okha oti afufuze. Kwa olemba IELTS, mndandanda wa mawu a maphunziro apamwamba umene Averil Coxhead anatulutsa mu 2000, wa mabanja 570, ndi wopindulitsa kuposa buku loloweza kuyambira A mpaka Z.

Ophunzira achikulire amakana mabuku ofewawa, amati ndi a ana ndipo sanalipire ndalama kuti aziwerenga nthano. Musalimbane nawo ndi mawu. Muwaonetse tchati cha liwiro lawo. Kawiri pa sabata, nkhani ya mawu 400 yopanda liwu lachilendo, wotchi, mafunso 10. Akakhoza 7 kapena 8 ali pabwino. Akakhoza onse 10 ndiye kuti akuchedwa dala, afulumire. Akatsika pa 6 abweze liwiro pang'ono. Cholinga choyamba chikhale mawu 150 pa mphindi, kenako 200. Wolondola mzere ndi chala kapena wogwedeza milomo asiye pa nthawi imeneyi.

Pa luso la mayeso penipeni tinatolapo chimodzi chofunika. Ophunzira ambiri anaphunzitsidwa kusaka liwu la m'funso m'nkhani n'kusankha yankho lokhala ndi mawu ofanana. Okonza mayeso amadziwa zimenezi, ndiye amaika mawu ofananawo m'yankho lolakwa, lolondola n'kulinena m'mawu ena. Wophunzira asangotchula chilembo cha yankho. Aloze mzere umene walitengapo, anene liwu la m'nkhani limene lasinthidwa ndi liti, ndipo pa yankho lililonse lolakwa anene cholakwika chake: lakokomeza ndi always kapena only, latembenuza mfundo, kapena lanena zoona zimene nkhaniyo sinanene. Chomalizachi ndicho chimawagwetsa pa mafunso a IELTS a True, False ndi Not Given (zoona, zabodza, sizinanenedwe). Nkhani ikati nyumba yosungira zakale inatsegula khomo lachiwiri, funso n'kuti alendo anachuluka, yankho ndi Not Given, ngakhale nzeru zikuti mwina anachulukadi. Mafunso 30 okhoza pa 40 a gawo lowerenga amapereka pafupifupi band 7 (giredi yapamwamba ndi 9) pa IELTS Academic, ndipo 23 amapereka band 6.

Pa nkhani yogwiritsa ntchito Chitchaina m'kalasi anthu sanagwirizane. Ena amati chisamveke n'komwe, ena amati kufotokoza kamangidwe ka chiganizo m'Chitchaina kumapulumutsa nthawi. Ife tikuona kuti a mbali yachiwiriyi ali ndi mfundo pa ziganizo zisanu zovuta zija zokha, osati pa kuwerenga kwa liwiro. Kwa ambirife mkanganowu sutikhudza kwenikweni poti Chitchaina sitichilankhula, koma kudziwa mmene kaliwu kaja ka de kamagwirira ntchito kumafuna madzulo amodzi okha, ndipo wophunzira mwini angakuonetseni mukamupempha kuti ayalike chiganizo chake liwu ndi liwu.

Phunziro la mphindi 50 tikupempha kuti liziyenda motere: mphindi 8 za liwiro ndi mafunso ake, 10 za ziganizo zovuta, 5 za kumvetsera akuwerenga, 20 za nkhani imodzi ya mayeso ndi kuloza maumboni, ndipo 7 zotsalazo afotokoze pakamwa zimene wawerenga kunyumba m'buku lake lofewa.

Zofuna chigamulo cha komiti ndi ziwiri. Choyamba, tikufunika nkhani 20 za mawu 400 zolembedwa ndi mawu 1,000 ofala kwambiri, iliyonse ndi mafunso ake 10. Tikupempha aphunzitsi anayi odzipereka, aliyense alembe zisanu, wina aziunike. Chachiwiri, apampando atiuze ngati thumba la gulu lingagule mabuku ofewetsedwa a masitepe atatu oyamba, a Chingerezi chokhachokha, kuti tizibwerekana.