Musanakweze mitengo, yezani zimene fakitale ikutaya

A Mkonzi,

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nyimbo ya eni mafakitale ku Makata, Chirimba ndi Ginnery Corner ndi imodzi: madola kulibe, magetsi akwera mtengo, katundu wakunja akulanda msika. Sitikutsutsa. Koma pali ndalama zina zikutayika mkati mwa mpanda momwemo, ndipo kuzibweza sikulira mzere wa ku banki. Vuto ndi lakuti palibe akuziyeza.

Yambani ndi sikelo yolongedzera. Thumba la makilogalamu 50 la ufa kapena chakudya cha nkhuku likamapitirira ndi magalamu 200, pa matumba 1,000 mwagawa matumba anayi aulere. Wolongedza amachitira dala, poopa kuti kasitomala angabweze katundu woperewera. Pambali pa sikelo pazikhala chitsulo choyesera chodziwika kulemera kwake, chiziikidwapo m'mawa uliwonse ntchito isanayambe. Pa ola lililonse matumba asanu aziyezedwanso pa sikelo ina, zotsatira zake n'kulembedwa. Masikelo onse awiri akhale oti a Malawi Bureau of Standards anawatsimikiza.

Mpweya wa kompuresa, makina opanikiza mpweya woyendetsera zipangizo, ndiye mbala yosaoneka. Kabowo ka mamilimita 3 pa paipi ya 7 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya) kamataya malita pafupifupi 11 pa sekondi, ndipo kuti kompuresa iwabwezeretse imadya makilowati 4 kapena kuyandikira apo, osapuma. Masana kaphokoso kake kamamira m'phokoso la makina. Loweruka anthu akaweruka, zimitsani zonse kusiya kompuresa yokha, muyende ndi botolo la madzi a sopo, kupaka polumikizira paliponse. Pamene pachita thovu mangani kansalu kofiira, Lolemba pakonzedwe. Kawirikawiri mupeza paipi ya labala yomangidwa ndi waya kapena mphira m'malo mwa kilampu. Ambiri akaona mpweya ukufooka amathamangira kukweza mphamvu, komwe kuli kungokulitsa kutayako. Mabowo akatsekedwa, kutsitsa bar imodzi kumachepetsa magetsi a kompuresa ndi 7 peresenti kapena pafupifupi.

Opanga mapulasitiki ndiwo ayenera kusamala kwambiri, chifukwa timibulu ta pulasitiki timene amasungunula timagulidwa ndi madola ndipo timayenda ulendo wautali kuchokera kudoko. Magetsi akathima mwadzidzidzi pulasitiki imaumira mkati mwa makina. Akabwera, woyendetsa makina wopupuluma amangoona nambala ya kutentha yakwana, basi n'kuyatsa mota. Nambala imeneyo ndi ya chitsulo chakunja. Pakati pamakhala pakadali pouma, ndipo sikulu, chitsulo chozungulira chokankha pulasitiki mkati mwa makina, ikhoza kupindika kapena kuthyoka. Dikirani mphindi zina 30, kenako muyambe pang'onopang'ono. Zoyamba kutuluka, zopserera zija, ziikidwe pazokha.

Zodulidwa m'mbali zisagwe pansi. Timchenga tochepa timatseka sefa ndi kuboola pepala la pulasitiki. Zisonkhanitsidwe m'matumba oyera, pulasitiki ya PE (polyethylene) payokha, ya PP (polypropylene) payokha, mtundu uliwonse pawokha, chifukwa ziwirizi sizisungunuka pa kutentha kofanana ndipo zikasakanizika katundu amakhala wosalimba. Zodulidwazi zikagayidwa zibwezedwe m'makina pa mlingo wa 10 mpaka 20 peresenti, malinga ndi chimene mukupanga. Komanso lamulo limaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi). Amene alibe choyezera makulidwe amapanga a 70 poopa kugwidwa, osadziwa kuti akuwononga timibulu toonjezera pafupifupi 17 peresenti pa jumbo iliyonse.

Magetsi akabwera musayatse mahita, kompuresa ndi mamota onse nthawi imodzi. Pa bilu ya mafakitale akuluakulu ESCOM imalipiritsanso kVA yapamwamba imene mwafika m'mwezimo, kutanthauza mphamvu ya magetsi yochuluka koposa imene mwakoka nthawi imodzi, ngakhale munangofikapo kamodzi.

Chimene chimatikhumudwitsa kwambiri ndi chizolowezi chodula malipiro a wantchito katundu akawonongeka. Bwana amaganiza kuti wathetsa vuto, pamene wangophunzitsa anthu kubisa. Zowonongeka zimakwiriridwa pansi pa zinyalala, n'kupita kudzala la ku Mzedi kapena kukokoloka mu mtsinje wa Mudi, ndipo m'mabuku mumaoneka ngati zonse zili bwino mpaka tsiku lowerengera katundu. Ikani mgolo pa makina aliwonse, uziyezedwa shifiti ikamatha. Pa bolodi pazilembedwa zinthu zitatu: makilogalamu otayika, nthawi yake, ndi chifukwa chake, kaya ndi magetsi, kusintha mtundu, kapena mpeni wobuntha. Dzina la munthu lisalembedwe. Pakatha milungu iwiri, tengani chifukwa chimene chalemera kuposa zonse, mukhale pansi ndi oyendetsa makinawo ndi fitala, muyambire pamenepo.

Ndife,
Amisiri a makina a m'mafakitale,
Chirimba, Blantyre