Mwana wa sickle cell sanalodzedwe ayi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko. Kwathu kuno ku Kamwendo, Mchinji, banja la mlamu wanga latsala pang'ono kutha chifukwa mwana wawo amangodwaladwala, timanja ndi timapazi kutupa, kulira usiku onse, magazi kumangotha mthupi. Kuchipatala anapeza kuti ndi sickle cell koma akuchimuna akuti mkaziyu ndiye anabwera ndi magazi oipa, ena akuloza chala agogo ake ati akumutafuna mwanayo. Ankhoswe akhalapo kawiri, palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa kuti matendawa amabwera bwanji.

Ine si dokotala koma bayoloje ya kusekondale ndikuikumbukabe. Mwana amatenga ma chromosome (timitolo ta majini) 23 kwa bambo, 23 kwa mayi, ndipo kuti adwale sickle cell jini yolakwikayo imayenera ichokere uku ndi uku. Majini ndikunenawa si aja a ziwanda ayi, ndi malangizo a kapangidwe ka thupi. Ndiye kuti bamboyo nayenso ali nayo, kungoti amene ali ndi imodzi amalima fodya wake bwinobwino osadziwa kanthu. Awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi, iliyonse payokha, osati wina akadwala ndiye atatu otsatira apulumuka.

Chimandidabwitsa ine nkuchepa kwa cholakwikacho. Hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi, imapangidwa ndi ma amino acid olumikizana ngati mikanda pa ulusi, ndipo mikandayi ilipo mitundu 20. Pa mkanda wa nambala 6 pomwe pamayenera kukhala glutamic acid pamalowa valine, basi kamodzi komweko, maselo ofiira amapindika ngati chikwakwa nkumatsekereza timitsempha ndiye ululu uja, ndipo amafa m'masiku 10 mpaka 20 pomwe abwino amafika 120.

Nanga bwanji jiniyi siinathe kalekale? Malungo. Mu 1954 wasayansi wina, Anthony Allison, anaonetsa kuti amene ali ndi jini imodzi malungo samawagwetsa kwambiri, ndiye kumadera a udzudzu ngati kwathu kuno anawo amapulumuka, kukula, nkupatsira ana awo mibadwo ndi mibadwo.

Pempho langa kwa a unduna wa zaumoyo ndi abusa, pa chilangizo cha ukwati paja timakamba zoyezetsa HIV, tiikepo ndi izi. Mlamu wangayo, bambo wa mwanayo, ndamuuza akayezetse kaye iyeyo asanapite kwa sing'anga, mpaka lero sakuyankha foni yanga.

Wodandaula,
Kamwendo, Mchinji