Lipoti la maphunziro a armbar ku Area 47

A wapampando, akuluakulu a komiti ndi anzanga nonse a kalabu yathu ya ku Kawale, nazi zomwe ndakatola kumaphunziro amene munandituma Loweruka lapitali.

Tsiku lonse linathera pa chinthu chimodzi, armbar (njira yokhoma chigongono cha mnzako kuti agonje) yochokera mu closed guard, kutanthauza pamene wagona chagada ndipo miyendo yako yamanga chiuno cha mnzako. A judo amaitcha juji-gatame, ndipo Ronda Rousey, amene anapata mendulo ya bronze ya judo pa Olympics ku Beijing mu 2008, anatchuka nayo atalowa MMA, masewera omenyana ophatikiza njira zosiyanasiyana. Aphunzitsi anatikumbutsanso kuti pa mpikisano wa judo chigongono chokha ndiye chololedwa kuchikhoma, osati bondo kapena dzanja.

Mfundo yawo yaikulu inali yakuti armbar imagwiridwa ndi chiuno, manja amangosunga mkono. Tinene kuti mukufuna mkono wake wamanja. Ukokereni pakati pa chifuwa chanu mpaka chigongono chake chifike pamchombo panu. Phazi lanu lamanzere liponde pachiuno chake, mudzikankhe nalo kuti thupi lanu lipingase. Mwendo wamanja ukwere kumsana kwake, pansi pa khwapa, umupanikize kuti asadzuke. Mukatero m'pamene mwendo wamanzere uwoloke mutu wake. Ambiri tinkathamangira kuwolotsa mwendowo tisanapingase, ndipo mnzathu ankangosolola mkono n'kutidutsa.

Pomaliza, maondo afinyane, zidendene zikokere pansi, chala chake chachikulu chiloze kumwamba, ndiye mukweze chiuno pang'onopang'ono. Ndinaona mtsikana wina woonda akugonjetsa bambo wa thupi ngati gumula, osatulutsa n'thukuta lomwe. Chalacho chikangogona cham'mbali, chigongono chimathawa ndipo mumangotopa pachabe.

Za mnzako akakuunjikira thupi lake lonse pakhosi anangokhudzako mwachidule: kolowekani dzanja lamanja kuseri kwa bondo lake, muzungulire komweko mpaka agwe. Ine ndikuona kuti mbali imeneyi inafunika nthawi yambiri, chifukwa anyamata athu olemera amakonda kuthawira komweko.

Pa chitetezo aphunzitsi sanaseke ndi munthu. Mnzako akamenya kawiri ndi dzanja kapena phazi posonyeza kuti wagonja (timati tap), kapena akakuwa, siya pomwepo. Kunyamula munthu n'kumumenyetsa pansi kuti akusiye n'koletsedwa pa mipikisano yambiri ya jiu-jitsu. Apa ndikupempha komiti ilankhule ndi achinyamata athu, chifukwa ena amaona tap ngati manyazi, ndiye amapirira mpaka chigongono chitalira. Pa mat pathu, amene ndi ochepa komanso opyapyala, zoterezi n'zoopsa kwambiri.

Ndikupempha kuti Lachiwiri tiyambe ndi kupingasa kokha, mbali zonse ziwiri, osakhoma mkono, mpaka aliyense azolowere. Malisiti a minibasi ndi ndalama yolowera ndapereka kale kwa msungichuma.