Ndinakafika ku Chinde, Kumene Shire Amathera

Bwenzi langa lokondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Johannesburg. Kuno ku Nsanje tilipo, kungoti dzuwa likuswa mtengo monga mwa masiku onse. Ndalemba kalatayi chifukwa cha funso lija tinkafunsana tili anyamata powedza makakana pa Chiromo, lakuti kodi madzi a Shire amakathera kuti. Mwezi watha ndinapita kukadzionera ndekha ku Chinde, tauni yaing'ono ya ku Mozambique yomwe ili pamene nthambi imodzi ya Zambezi, mtsinje umene Shire amathiramo, imathira m'nyanja yamchere ya Indian.

Ndinatulukira pa chipata cha Marka, ndipo kuchokera ku Mutarara ndinawoloka mlatho wa Dona Ana, uja anamaliza kumanga mu 1935, umene kutalika kwake kumapitirira makilomita atatu ndi theka. Za ulendo wa pamsewu kudzera ku Caia sindikutopetsani nazo. Chofunika n'chakuti pa Marromeu, pomwe pali fakitale ya shuga yokumbutsa ya ku Nchalo, ndinasiya galimoto n'kukwera boti, popeza anthu ambiri amafika ku Chinde pamadzi.

Mukanakhalapo mukanaganiza kuti tili m'dambo lathu la Ndindi, koma litakula mowirikiza. Mvuu zinkafwenthera pafupi ndi bango, ng'ona zili gone pamchenga, ndipo chakumwera kwa mtsinje kuli nkhalango yotetezedwa ya Marromeu, yotchuka ndi njati zomwe zinaphedwa zambiri pa nkhondo yapachiweniweni ija inatha mu 1992, koma tsopano zikuswananso. Njatizo sindinazione, ndisakunamizeni. Chimene chinandigwira mtima ndi mitengo yomera m'matope amchere, mizu yake ili pamtunda, komanso madzi amene amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, moti mwini boti amayamba wayang'ana madziwo asanalonjeze nthawi yonyamuka. Ife a kuchigwa tinazolowera madzi osefukira nthawi ya dzinja yokha.

Tauniyo ndi yabata kwambiri, ya misewu yamchenga, mitengo ya kokonati ndi nyumba zakale zomwe zikugumuka, ndipo Chisena chathu chinandithandiza pamsika kuposa Chipwitikizi changa chothyokathyoka. Komatu pamalo pomwepa ndi pamene panali khomo la dziko lathu. Mu 1891 Apwitikizi anabwereketsa Angerezi kachigawo ka malo m'mbali mwa mtsinje, ndipo katundu ndi anthu opita ku Nyasaland ankatsika m'sitima za panyanja n'kukwera sitima zing'onozing'ono zoyendera nthunzi, zimene zinkakwera Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo kapena kuno kwathu, panthawiyo kukutchedwa Port Herald. Mtsinje unkadya gombelo pang'onopang'ono, kenako mu 1922 namondwe anawononga tauniyo, ndipo chaka chomwecho njanji yochokera ku Beira inafika pa Zambezi. Malonda anasamukira ku njanji, Angerezi nawonso n'kusiya malowo mu 1923.

Nditakhala pagombe madzulo, ndikudya mpunga wophikira kokonati ndi nkhanu, maganizo anandithawira ku doko lathu la Nsanje, lija linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu October 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ali pampando, koma mpaka lero lakhala likungoona mabwato a asodzi. A ku Chinde sitima anaziona ndipo zinawachokera, pamene ife tinamanga pokocheza sitima zimene sizinabwere. Sindinathe kusankha kuti mwa awirife womvetsa chisoni kwambiri ndani.

Mukadzabwera ku tchuthi mudzasankhe miyezi ya June kapena July, misewu itauma ndiponso kutentha kutachepa, ndipo musadzaiwale pasipoti ndi masikito, chifukwa udzudzu wa kumeneko umaposa wa ku Makhanga. Ndikufuna tidzapitire limodzi mpaka kukafika kwa njati zija. Mundiperekere moni kwa alamu.

Ndine bwenzi lanu la pa Chiromo.