Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya mabolodi a phokoso

Wokondedwa mwana wanga,

Azakhali ako andiuza kuti iwe ndi mnzako uja mukuyendera eni mabala a ku Bwandilo ndi matchalitchi a ku Area 25, kuwalonjeza mabolodi olola mawu kulowa koma osatuluka. Chimvereni zimenezi mtima wanga sunakhale pansi, chifukwa dzina limene lidzalembedwe pa mapepala a malondawo ndi lako, popeza wophunzira ndiwe, ndipo zinthu zikadzavuta iyeyo alibe choti ataye.

Chimene bolodi lako limachita unandifotokozera wekha. Timapanga ta m'kati mwake sitifanana kutsogolo ndi kumbuyo, kotero phokoso lochokera mbali imodzi limamezedwa kwambiri pamene lochokera mbali inayo lambiri limabwezedwa. Ntchito imeneyi ndimainyadira, mwanawe. Koma kubweza mosiyana si kudutsitsa mosiyana. Pa chinthu chongokhala, chopanda choyenda m'kati mwake, ukasinthanitsa malo a sipika ndi maikolofoni umapeza zofanana, monga akatswiri a sayansi Helmholtz ndi Rayleigh anasonyezera m'zaka za m'ma 1800. Kodi mnzakoyo wagonjetsa liti lamulo limeneli?

Amene anakwanitsadi kuyendetsa mawu njira imodzi anavutika nazo. A ku yunivesite ya Nanjing, ku China, mu 2010 anagwiritsa ntchito mafunde amphamvu a ultrasound (mawu opitirira amene khutu la munthu limamva) ndi madzi odzaza tithovu, ndipo mawu otulukawo anali atasintha kamvekedwe. A ku Austin, ku Texas, mu 2014 anachita kuzungulitsa mpweya ndi timafani m'kachipangizo kooneka ngati mphete. Zonsezi zinali za m'labotale, osati khoma la bala.

Ndimakumbukira uli wamng'ono ukukuwa mu mgolo wa madzi, n'kumafunsa chifukwa chake mawu ako akusintha. Sunkalola yankho lachinyengo, ngakhale lochokera kwa ine. Lero ukufuna kulipereka kwa anthu ena n'kulandirapo ndalama?

Ganiziranso chimene oyandikana ndi mabala amadandaula nacho, chomwe ndi kugunda kwa besi usiku. Mu mpweya mawu amathamanga pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho funde la besi la 100 Hz (logwedezeka ka 100 pa sekondi) ndi lotalika mamita 3.4. Inde, ma metamaterial, zinthu zopangidwa ndi timapangidwe tapadera m'kati mwake, angathe kugwira funde lalitali ndi kanthu kopyapyala. A ku Hong Kong anaonetsa zimenezi mu 2000 ndi timipira ta mtovu tokutidwa ndi mphira. Koma zoterezi zimagwira kagawo kochepa ka mawu, pamene nyimbo ili ndi mawu amitundumitundu, ndipo ena amatulukira pa malata ndi m'mawindo. Munthu akadzalipira, phokoso n'kumamvekabe, adzasaka iwe pakhomo pano.

Mnzako uja sindimukhulupirira, ndipo ndikubwereza: sindimukhulupirira. Amalankhula za ndalama asanafunse zimene wayeza. Usasaine pepala lililonse limene iye walemba. Ngati mwalandira kale ndalama za chikole, zibwezeni sabata ino, ndipo ngati zina zadyedwa undiuze, ndidzaonapo chochita pa penshoni yanga. Ukafuna kugulitsa, uzinena chimene bolodilo limachitadi, chomwe ndi kuchepetsa kubwerera kwa mawu m'chipinda. Matchalitchi ambiri akufuna chimenecho kuti ulaliki uzimveka bwino.

Ubwere Loweruka ndi mapepala a zimene unayeza kuti tidzaonere limodzi, koma ubwere wekha. Amayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako.